Wa zaumoyo akakwera m'boti la katundu, amafunamo chiyani?

Moni nonse, a kuchigwa ndi a kumtunda omwe! Tisanayambe, dinani kabatani ka subscribe kaja, sikaluma.

Lero tili pa Shire. Doko lalikulu la ku Nsanje, lija a Bingu wa Mutharika anatsegula mu 2010, sitima zake tikuzidikirabe. Koma pitani pa Mtayamoyo ku Bangula m'mawa mukaone: maboti a injini, mabwato, matumba a chimanga, mbatata, njinga, mbuzi, anthu ali pikitipikiti kuwoloka. Ndiye wa zaumoyo akakwera m'boti, amayang'ana chiyani?

Choyamba, mapepala. Sitima zodutsa malire a mayiko zimayenda ndi chikalata cha ukhondo, malinga ndi malamulo a 2005 a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, ndipo chimatha mphamvu pakapita miyezi 6. Bwato la amalume anu lilibe chimenecho, tiyeni patsogolo.

Chachiwiri, makoswe. Amasuntha matumba, kuwunika ndi tochi m'makona, kufuna timanyi takuda tija ndi matumba obooledwa. Musaseke. Utitiri wa makoswe umafalitsa matenda a plague, aja otupitsa mwanabele, ndipo anabuka konkuno ku Nsanje mu 2002.

Chachitatu, alipo akutsegula m'mimba kapena kusanza? Ameneyo ulendo wathera pompo, Thanzi ORS m'manja, kuchipatala.

Chachinayi, madzi akumwa. Apa pokha khalani pansi, chifukwa pali bodza limene limandipsetsa mtima. Mufunse woyendetsa boti kuti madzi a m'chigubumu mwatunga kuti, akulozerani mtsinje: "Achimwene, madzi oyenda alibe matenda." Anakuuzani ndani?

Taganizani. Maboti amenewa alibe chimbudzi. Munthu zikamuvuta pakati pa ulendo, amadzithandizira kuti? Mumtsinje momwemo. Tsono kolera ndi wochenjera: ambiri amene atenga tizilombo take sadwala n'komwe, akupalasa bwinobwino, akuseka, koma chimbudzi chawo chimatha kutulutsa tizilomboto mpaka masiku 10. Kumunsi kwake wina akuviika chigubu. Mtsinje uli ngati wa kabaza, umanyamula aliyense osafunsa, n'kukamutsitsa patsogolo.

Wina akulemba kale mu ma comment kuti, "Koma agogo athu ankamwa omwewa." Eya, ankamwa, ndipo ankatsegulanso m'mimba, kungoti panalibe wolemba m'kaundula. Wina akuti, "Ine ndimatunga pakatikati, poyera." Kuyera kwa m'maso kumeneko! Tizilombo ta kolera simungatione popanda makina a ku labu.

Mukufuna umboni? Namondwe wa Ana anatigunda mu Januwale 2022. Pofika Malichi kolera anabuka m'dziko muno, Nsanje ili m'gulu la maboma oyambirira, ndipo mliriwo unapha anthu oposa 1,700. Freddy atabwera mu Malichi 2023, zimbudzi zinakokoloka kulowa m'madzi. Madzi amenewo sankayenda? Ankathamanga kumene!

N'chifukwa chake wa zaumoyo amatsegula chigubu, kununkhiza ngati muli klorini. Akakhala ndi zipangizo, amatapa pang'ono m'kabotolo n'kuponyamo kapiritsi: madziwo akasanduka apinki, klorini alimo. Akangokhala mbee, thirani mankhwala. Ndipo mukathira WaterGuard dikirani mphindi 30, osati kuthira uku kapu ili kale kukamwa. Kapu imodzi yomweyo yoviika m'ndowa dzanja lonse, aliyense akumwera, nayonso amaikana. Mmene tinathirira mankhwalawa tinaonetsa mu vidiyo ya sabata yatha, link ili m'munsimu.

Chachisanu, nsomba ndi zakudya zikhale zovundikira, kutali ndi feteleza ndi petulo. Basi.

Tiuzeni mu ma comment: pa doko la kwanu, wa zaumoyo munamuonako liti? Atumizireninso vidiyoyi pa WhatsApp amalume a bwato aja. Sabata yamawa tikamba za maboti odzaza mopyola muyezo, ndipo eni maboti ena sadzandipatsanso moni.