Makalata a Omvera: Kodi Kuyendetsa Maso Kungachiritse Mantha a Zoopsa Zakale?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chilobwe, ku Blantyre. Akuti: "Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, achimwene anga sagona. Mvula ikangoyamba kugunda pamalata amadzidzimuka, thukuta kamukamu, ngati matope aja akubweranso. Mwana wanga anawerenga kuti kuli chithandizo choyendetsa maso uku ndi uku. Kodi n'zoona, kapena n'zamatsenga?"

Pepani kwambiri mayi. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto limene madokotala amalitcha PTSD, pamene zoopsa zinatha kale koma thupi likuzionabe ngati zikuchitika lero. Achimwene anuwo sanapenge, ndiponso si kufooka mtima.

Chithandizo mwamvacho chilipodi, dzina lake EMDR. Anachiyambitsa ndi Francine Shapiro, katswiri wa zamaganizo wa ku America. Mu 1987 akuyenda m'paki, anazindikira kuti maganizo omusautsa ankachepa mphamvu maso ake akamayenda mofulumira, ndipo mu 1989 anasindikiza kafukufuku wake woyamba. Wodwala amakumbukira chinthu choopsacho kwa kanthawi kochepa, uku akutsatira ndi maso zala za mlangizi. Akapuma amanena zimene zabwera m'maganizo, kenako abwereza, mpaka chikumbukirocho chitasiya kubaya. Saiwala ayi, koma amatha kukumbukira osanjenjemera. Mu 2013 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza EMDR pothandiza PTSD mwa ana ndi akulu omwe, pamodzi ndi uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake) wolunjika pa zoopsazo.

Pa masowo ndiye akatswiri sanamvane. Kuwunika kafukufuku wosiyanasiyana kwa mu 2001 kunapeza kuti kuyendetsa maso sikuwonjezera kanthu, chochiritsa n'kuyang'anizana ndi chikumbukirocho pali wokugwira dzanja. Kuwunika kwina kwa mu 2013 kunapeza kuti kumathandizako ndithu. Ofufuza a ku Utrecht, ku Netherlands, amafotokoza kuti ubongo sutha kusenza ntchito ziwiri zolemera nthawi imodzi, choncho maso akatanganidwa chithunzi choopsacho chimazilala. Ine ndikuti mtsutsowu usakuchedwetseni mayi. Pitani nawo kuchipatala cha boma chapafupi, mukafunse wothandiza za matenda a maganizo. Kaya ndi EMDR kaya uphungu wina, chachikulu aonedwe ndi wodziwa ntchitoyi.

Bambo wina wa kwathu konkuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg walemba mwachidule: "Anandilanda katundu atandiloza mfuti. Ndingadzipatse ndekha chithandizo choyendetsa masochi potsatira kanema wa pa YouTube?"

Chonde bambo, musatero. EMDR ili ndi magawo 8, ndipo oyambirira ndi omva mbiri yanu ndi kukuphunzitsani kudzikhazika mtima pansi musanakhudze chilondacho. Mukachitsegula muli nokha m'chipinda, mantha akhoza kukukulirani popanda wokubwezani. Fufuzani mlangizi amene anaphunzira EMDR, ndipo ngati maganizo ofuna kudzivulaza akubwera, thamangirani kuchipatala lero lomwe.