Makatuni a ku Japan anasintha, mwana asamaonere yekha

Zikomo a wapampando, zikomo amfumu, makolo nonse, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Mafoniwo tayambani mwaika m'thumba, nkhaniyi ndi yanu.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yatha aphunzitsi anamva mwana wa sitandade 6 akuuza anzake kuti munthu akagundidwa ndi lole safa, amakadzuka m'dziko lina ali ndi lupanga komanso mphamvu zamatsenga. Mwanayo ali bwinobwino, ndipo dzina lake sitilitchula pano. Koma mitima ya makolo inali m'mwamba, ena mpaka kunena kuti kwalowa za satana. Ayi. Mwanayo ankangobwereza zimene anaona m'makatuni a ku Japan, aja amati anime, amene anyamata obena mafilimu pamsika amathira m'mafoni. Ndiye mawu anga lero ndi awa: si katuni iliyonse ili ya ana, mwana asamaonere yekha.

Makatuni amenewa sanali choncho kale. M'ma 1970 ndi 1980 zimene zinkagwira mtima achinyamata ku Japan zinali nkhani za maulendo a m'mlengalenga. Mu 1974 kunatuluka Space Battleship Yamato, ntchito imene Leiji Matsumoto anaikapo dzanja kwambiri. Nkhani yake ndi iyi: dziko lapansi laphulitsidwa ndi adani, nyanja zauma, anthu akukhala pansi pa nthaka ndipo kwatsala chaka chimodzi kuti onse athe. Ndiye akutenga sitima yankhondo ya pamadzi, Yamato, yomwe inamiradi mu 1945, n'kuikonza kukhala chombo chouluka, kuti ikatenge makina oyeretsa dziko kutali kwambiri ku nyenyezi zina, ibwerere chaka chisanathe. M'chombomo muli kaputeni wokalamba wodwala, muli dokotala, muli amakaniko, muli achinyamata amtima wapachala amene akuphunzira kumvera. Palibe amene angafike yekha. Wina akagona pa ntchito, onse apita. Ndipo cholinga cha ulendo wonsewo n'kubwerera kwawo kukapulumutsa abale.

Mu 1979 kunabwera Mobile Suit Gundam ya Yoshiyuki Tomino, pomwe mnyamata wa zaka 15 akukakamizika kumenya nkhondo, ndipo nkhondoyo sakuikometsera, ikumusautsa. Kenaka Macross mu 1982. Legend of the Galactic Heroes inatenga kuyambira 1988 mpaka 1997, magawo 110, kukambirana funso limene ngakhale ife timakangana nalo pa bawo: chabwino n'chiti, mfumu imodzi yanzeru kapena boma losankhidwa koma lodzaza ndi katangale?

Tsiku lina ndinaonera Yamato ndi mwana wa mchemwali wanga. Pakati pa filimu anaimitsa, akuti, malume, iwo akuti mtundawu amauyeza ndi kuwala, kodi kuwala kumayenda? Ndinamuuza kuti kumayenda, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kutifike. Anakafunsanso aphunzitsi ake mawa lake. Funso limenelo likanafera m'mutu akanakhala kuti ali yekha m'bulangete ndi foni. Mwana asamaonere yekha.

Nanga nkhani za m'mlengalenga zija zinathera kuti? Choyamba ndi ndalama. Ngakhale pachiyambi pomwe zinali zovuta: Yamato inadulidwa, inathera pa magawo 26, Gundam pa 43, chifukwa oonera pa TV anali ochepa. Gundam inapulumuka anthu ataikonda poibwereza, komanso chifukwa cha zidole zapulasitiki zolumikiza wekha zimene kampani ya Bandai inayamba kugulitsa mu 1980. Masiku ano katuni zambiri zimapatsidwa magawo 12 kapena 13 basi. Ulendo wa ku nyenyezi, ndi mayiko ake, ndale zake, anthu ake ambirimbiri, ungaulongosole m'magawo 12? Kujambula chombo chikutembenuka, zitsulo zonse zikuoneka, ndi ntchito yowawa, ndipo akatswiri ojambula makina pamanja akuchepa. Makampani amene amasonkherana ndalama za katuni amachita ngati mayi wa geni, amaoda chimene chinatha dzulo. Chimene chikutha tsopano ndi nkhani zimene anthu wamba amalemba pa intaneti, makamaka pa tsamba la Shōsetsuka ni Narō lomwe linayamba mu 2004, ndipo zambiri mwa izo ndi za mtundu uja amati isekai: munthu wotopa ndi moyo afa, kapena angotengedwa, n'kukapezeka m'dziko longa la gemu ya pakompyuta, kumene zonse zikumuyendera.

Ine ndimaona kuti mtima wa anthu unasinthanso. Amene ankaonera Yamato anali ataona anthu akuponda pa mwezi mu 1969, chuma cha dziko lawo chikukwera, ankakhulupirira kuti mawa kuli zazikulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chuma chija chinaima. Munthu wobwera ku ntchito usiku atatopa safuna nkhani yomuuza kuti limbikira ndi anzako. Akufuna yomuchotsa pano.

(Bambo wina afunsa ngati si bwino kungowalanda anawo mafoni, zithe.)

Funso labwino, bambo, ndipo ndikudziwa ambiri muli nalo. Mukalanda foni lero, mawa akaonera kwa mnzake, kapena ku vidiyo sho, kumene inu simudzadziwa n'komwe chimene waona. Ndiye mwataya mwayi wokhawo munali nawo, womufunsa. Chinanso, anime onse si oipa, ngakhale a isekai ena ndi nthabwala chabe. Vuto ndi msinkhu. Ku Japan komweko makatuni ambiri amtunduwu amaonetsedwa pa TV usiku kwambiri, ana atagona, chifukwa anapangira achinyamata okulirapo ndi akuluakulu. Ife kuno tikangoona zojambula za maso akuluakulu timati ndi za ana, n'kumupatsa wa zaka 8. Munthu wamkulu akaona lole ija amadziwa kuti ndi nthano. Mwana amafuna wina pambali pake womuuza kuti lole imapha, ndipo wafa wafa. Ndikudzudzuleniko pang'ono, makolo anzanga: ndife tomwe timagula bandulo, ndife tomwe timati tenga foni ukhale chete ndikuphika, kenaka ife tili pa WhatsApp mpaka tulo. Tisadabwe ndi zimene akulankhula. Mwana asamaonere yekha, bambo, koma kulanda si mankhwala.

Ndipo za m'mlengalenga sizinatheretu. Yamato anaipanganso mwatsopano kuyambira 2012, Gundam ina inatuluka mu 2022, ngakhale imeneyo ndi ya okulirapo chifukwa muli magazi. Matsumoto anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 85, koma ntchito zake zilipo, ndipo zikungofuna wozifunsa.

Ndaona ena ayamba kusuzumira dzuwa, ndithamange. Madzulo ano funsani mwana dzina la katuni akuonera, mulilembe. Onerani naye gawo limodzi lathunthu, osati kungodutsa. Akuuzeni yekha nkhaniyo ikuti chiyani, mumva pomwe wasokonezeka. Foni igone kuchipinda kwanu, osati kwake. Inu anyamata obena, mwana wa yunifolomu akabwera mufunseni zaka, musangothira chilichonse. Achinyamata akumbuyoko, funani za maulendo a ku nyenyezi zija, muonere limodzi ndi azing'ono anu. Mwana akalankhula za kufa kapena zofuna kuchoka pa dziko lino, musamukalipire, khalani naye pansi, muuzenso aphunzitsi kapena a zaumoyo tsiku lomwelo. Mwana asamaonere yekha.

A wapampando, ndabweza kwa inu, ndamva kuti pali nkhani ya mjigo.