Chitini cha Doom m'tekisi ya pa Bree

Abale anga amene mukundimvera kuno ku Joni ndi kumudzi komwe, lero ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Dzulo nditaweruka ndinakwera tekisi pa Bree, pokwerera matekisi m'tauni ya Joni, ndipo mnyamata wina anasolola chitini cha Doom m'jumbo yake n'kufunsa ngati pali wofuna machiritso. Anthu onse anafa nacho chikhakhali, chifukwa palibe amene waiwala za Lethebo Rabalago wa ku Limpopo, amene mu 2016 ankapopera akhristu ake Doom, mankhwala ophera mphemvu, kumaso, mpaka khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Mayi wina atangomva kalankhulidwe kanga anandifunsa kuti Bushiri wathu, amene anathawa kuno mu 2020 ali pa belo, abwerera liti.

Ndinaseka nawo, sindikana, koma mumtima munali mowawa. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anapereka R600 kwa mneneri wina wa m'tenti, amene anamugulitsa mafuta odzola pachipumi n'kumulonjeza kuti apolisi akamafunsa mapepala sadzamuona. Sabata yatha anamugwira, ndipo kabotolo kaja kakadali pawindo pomwe anakasiya, mafuta ali theka. Ndalama imeneyo inali ya fizi ya mwana wake ku Mangochi.

Ine ndinakulira mu CCAP, ndipo Lamulungu lililonse ndimalakalaka kwaya ya kwathu ndi mawu a amayi a Chigwirizano. Chikhulupiriro changa sichinagwedezeke, ndipo palibe wa m'tekisi amene angandilande. Komabe oseka aja sindingawatche adani a Mulungu. Kodi Eliya sanawaseke aneneri a Baala paphiri la Karimeli, n'kuwauza kuti afuule kwambiri poti mwina mulungu wawo wagona? Kodi Petro sanamukalipire Simoni amene ankafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama? Munthu wokayika akafunsa chifukwa chimene mneneri wochiritsa matenda onse amayendera ndi omulondera onyamula mfuti, tisathamangire kunena kuti ali ndi ziwanda, chifukwa funsolo ndi labwino, ndipo ife tomwe tinayenera kulifunsa tisanatulutse ndalama zimene timazipeza titakhetsa thukuta m'magadeni a eni ake.

Loweruka ndikupita ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu opanda mapepala, kukamuona mnzangayo asanamutumize kumudzi. Amene muli ndi kangachepe munditumizire pa WhatsApp, chifukwa mwana uja sanalipirebe fizi.