Achimwene, mabotolo atatu aja musawasiye padzuwa

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndi ine kuno ku Sicily, chilumba cha ku Italy. Ndati ndingojambula mawu, kulemba zonsezi chala chingatope. Mumvetsere mpaka kumapeto chonde, chifukwa ndikukudziwani, mumamva theka n'kuyamba kuyankha.

Alamu anyamuka Lachinayi, adutsira ku Rome ndi ku Addis. Ndawapatsira mabotolo atatu a vinyo, awiri oti akamwe amalume ndi ankhoswe a mbali inayo pa chinkhoswe cha mlongo wathu. Ali m'chikwama chachikulu, ndawakulunga ndi majuzi a ana aja, poti zamadzimadzi zotere salola kulowa nazo m'manja mu ndege. Ndiye potsegula chikwamacho musangochikhuthula ngati thumba la chimanga. Komanso musanyamuke kupita ku bwalo la ndege ndisanakuimbireni. Phiri lathu lolavula moto la Etna kuno likatsokomola, phulusa limagwa mpaka mumzinda, timadzuka magalimoto ali bii, ndipo ndege za mumzinda wa Catania nthawi zina amaziimitsa.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi: vinyoyu si wotsekemera. Ndikunenatu lero kuti amalume akalawa n'kukwinya nkhope, musaganize kuti wawonongeka panjira. Pabotolo mwina muona mawu akuti secco, ndiye kuti wopanda shuga. Mukudziwa mmene thobwa imachitira ikagonera masiku, kutsekemera kuja kumapita, ukali n'kubwera. Ndi zomwezo. Madzi a mphesa amawasiya afufume mpaka shuga yense atasanduka mowa. Chotsala ndi kuwawasa ngati ndimu, ndi kakomedwe kena ngati kamchere kumapeto kwa lilime. Ineyo tsiku loyamba ndinati anthu awa akumwa viniga. Panopa ndi nsomba yowotcha sindifunanso china.

Vinyoyu amatchedwa Etna Bianco, kutanthauza vinyo woyera wa ku Etna. Etna ndiye phirilo, lija munaliona pa vidiyo likulavula moto. Ndi lalitali kuposa Mulanje: Sapitwa ndi mamita 3,002, ili lapitirira 3,300, ndipo kutalika kwake kumasinthasintha likaphulika. Anthu kuno salitchula dzina kawirikawiri, amangoti a Muntagna, Phiri basi. Munda womwe ndimagwirako uli chakum'mawa, kufupi ndi mudzi wa Milo, koyang'ana kunyanja. Mphesa yake ndi yakomweko, dzina lake Carricante, akuti chifukwa imabereka mosenzetsa mtengo katundu. Lamulo lawo limati vinyo wotchedwa Etna Bianco akhale ndi mphesa imeneyi osachepera 60 pa 100 alionse, ndipo wolembedwa Superiore, 80 pa 100, ya ku Milo kokha. Dzina la Etna linatetezedwa ndi lamulo mu 1968, loyamba pa chilumba chonsechi, ndiye anthu ake amalinyadira koopsa.

Dothi lake mutaliona mungaseke, achimwene. Mchenga wakuda ndi miyala ya chiphalaphala chomwe chinazizira kalekale. Kwathu tikanati pano sipamera kanthu. Koma madzi amalowa pansi osakhazikika, mizu imapita pansi kwambiri, ndipo usiku kumazizira, choncho mphesa imapsa pang'onopang'ono osataya kuwawasa kwake. N'chifukwa chake timakolola mochedwa, chakumapeto kwa Seputembala mpaka Okutobala, kumunsi kuchigwa anzathu atamaliza kale. Minda ndi yamasitepe, makoma ake a miyala yakuda yosanjika popanda simenti, ndipo mtengo uliwonse umaima paokha ndi chikhomo chake, ngati mmene timachirikizira tomato. Thirakitala m'malo ambiri singalowe. Timasenza mabokosi paphewa kutsika nawo. Msana wanga ndi umene ukudziwa mtengo wa botolo limodzi, ndiye wina akathiramo Fanta ndidzamva kuwawa ndili kuno.

Kumbuyo kwa botolo kuli kachizindikiro kobiriwira, tsamba lopangidwa ndi tinyenyezi, ndi mawu akuti biologico. Kutanthauza kuti m'mundamo sathira feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala opha udzu. Timapalira ndi khasu ngati kwathu komweko. Chololedwa kupopera ndi salufa ndi kopa, yemwe uja alimi a tomato amamudziwa, ndipo munda umadikira zaka 3 usanapatsidwe chizindikirocho. Koma apa ndiye mumvetse: sizikutanthauza kuti ndi mankhwala. Ndikudziwa azakhali akangomva zoti ndi wachilengedwe komanso alibe shuga, anena kuti ndi wabwino ku matenda awo a shuga. Ayi ndithu. Ndi mowa, mphamvu yake ili cha m'ma 12 pa 100, kuposa kawiri mowa wa m'botolo womwe amalume anauzolowera. Amene akumwa mankhwala a kuchipatala asakhudze, ndipo woyendetsa galimoto tsikulo amwe thobwa.

Kasungidwe kake n'kosavuta. Chomwe amadana nacho ndi kutentha ndi kuwala. Musawaike pawindo kapena pa kabati ya pabalaza kuti alendo aziona, komanso asatsale m'galimoto masana. Agonekeni chammbali pansi pa bedi, kuchipinda kozizira kuja, kuti chotsekera chake chisaume. Tsikulo, ikani mu filiji maola atatu, osati mufiriza. Magetsi akazima, mtsuko wa amayi wa madzi ozizira ukwanira, ingomizanimo botolo kuyambira m'mawa. Ngati amayi akana zoti mowa ulowe mu mtsuko wawo, ndipo ndikudziwa akana, ndowa ndi chiguduli chonyowa pamthunzi zigwira ntchito.

Chotsegulira ndaika m'thumba la juzi yofiira, chija chansonga yopotana. Musayese ndi mpeni kapena msomali. Botolo limodzi ndi la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kathekatheka ka galasi aliyense, ndipo amwere pa chakudya, makamaka chambo kapena nkhuku yowotcha. Lotsegulidwa likatsala, tsekani, libwerere kozizira, lithe pasanathe masiku atatu.

Botolo lachitatu, lolembedwa Superiore, musatsegule. Limenelo limakoma likakhalitsa zaka, ndipo ndi langa ndi inu ndikabwera. Ndaika kachizindikiro pansi pake, ndiye ndidzadziwa. Mupereke moni kwa amayi, muwauze mafuta odzola aja ali m'chikwama chomwecho.