Alendo asafike pa makompyuta a mu ofesi

Achimwene, musanakhudze switch ija (chipangizo cholumikiza makompyuta a mu ofesi ndi zingwe) kuti mupatule Wi-Fi ya alendo, tamverani kaye uthengawu mpaka kumapeto.

Lumikizani laputopu ndi chingwe, osati Wi-Fi, chifukwa Wi-Fi idzaduka muli mkati mosintha zinthu. Mukalowa, sinthani pasiwedi ya admin imene switch inabwera nayo. Tsekani Telnet ya pa port 23, njira yakale yolowera mu switch kudzera pa netiweki, poti imatumiza pasiwedi poyera. Zotsegula zikhale SSH ya pa port 22 ndi HTTPS basi, njira zolowera zimene zimabisa pasiwedi.

Tsopano pangani ma VLAN atatu, kutanthauza magawo olekana a netiweki pa switch imodzi: 10 ya ogwira ntchito, 20 ya alendo, 99 yoyendetsera zipangizo. Pa port ya switch (polowetsa chingwe) imene mwalumikizapo access point, chipangizo chofalitsa Wi-Fi, 10 ndi 20 zikhale tagged (zokhala ndi chizindikiro cha VLAN), 99 untagged (yopanda chizindikiro). Port yopita ku rauta nayonso inyamule onse atatu. Ambiri amaiwala pamenepa. Foni ya mlendo imaiona Wi-Fi, pasiwedi imalowa, koma imangozungulirazungulira osalandira IP (adiresi yake pa netiweki). Mukaona zimenezo, musalimbane ndi foni: mwina 20 simunaiike pa port ya rauta, kapena DHCP (yogawa ma IP) ya 192.168.20.0, ma adiresi a VLAN 20, palibe. Chonde, musanasamutsire switch ku 99, ikani kaye port imodzi pa 99 yoti mulowerepo, apo ayi mudzitsekera panja nokha.

Pa ACL, mndandanda wa malamulo olola kapena kuletsa mauthenga kudutsa, ndiye ndikufuna mudekhe. Malamulo amawerengedwa kuyambira pamwamba, ndipo loyamba kugwirizana ndi limene limagwira ntchito. Ndiye yambani ndi kulola DHCP ndi DNS (yosandutsa mayina a mawebusayiti kukhala ma IP). Kenako letsani 192.168.20.0 (alendo) kupita ku 192.168.10.0 (ogwira ntchito) ndi ku 192.168.99.0 (zipangizo). Pomaliza lolani zina zonse kuti alendo apeze intaneti. Mukayamba ndi kulola zonse, malamulo a pansiwo sagwiranso ntchito. Pa zipangizo za kampani ya Cisco, chimene simunachilole chimakanidwa kumapeto ngakhale simunalembe, ndiye mzere womaliza wolola zina zonse uja musausiye.

Pa Wi-Fi penipeni sankhani chitetezo cha WPA3, kapena WPA2 ya AES ngati pali mafoni akale. WEP ndi TKIP zisiyeni. WPS, njira yachidule yolowera pa Wi-Fi ndi PIN kapena batani, izimitseni: PIN yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti munthu akayesa pafupifupi ka 11,000 amaithyola. Kwa alendo yatsaninso client isolation kuti mafoni asaonane.

Za MAC filter, yosankha olowa poona MAC (nambala yozindikirira chipangizo chilichonse), musadalirepo kwenikweni. Kuyambira Android 10 ndi iOS 14 mafoni amabisa MAC yeniyeni, ndiponso kukopera ya mnzako n'kosavuta. Ngati ogwira ntchito amasinthasintha, ndi bwino njira yolowera ya 802.1X ndi seva ya RADIUS (yotsimikizira olowa) pa port 1812, aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake. Wina akachoka, mumangofufuta iye yekhayo.

Mukamaliza, lowani pa Wi-Fi ya alendo ndi foni, muyese ping (kauthenga koyesa ngati chipangizo chikufikika) ku printa ya mu ofesi. Ikayankha, bwererani ku ACL. Ikapanda kuyankha koma intaneti ikutseguka, sungani zomwe mwasintha polemba copy running-config startup-config, chifukwa magetsi akangothima musanasunge, muyambiranso.