Laputopu yatsopano imakalamba pakatha zaka zingati?

Moni moni abale anga, mwaswera bwanji uko muliko. Lero tikamba funso lomwe anthu amandifunsa akangotulutsa laputopu m'bokosi, fungo la pulasitiki lisanachoke: achimwene, makinawa andipirira mpaka liti asanakhale akale?

Ine ndimati mukagula bwino, zaka 5 mpaka 7 mumagwira nayo ntchito popanda kudandaula. Koma mawu oti "mukagula bwino" ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa laputopu siikalamba chifukwa choti kwatuluka ina yonyezimira ayi, makampani amatulutsa zatsopano chaka chilichonse ndipo yanuyo siisiya kulemba Word chifukwa cha zimenezo. Imakalamba mbali ndi mbali ngati munthu, mawondo amayamba, maso n'kutsatira.

(akunyamula laputopu, kuitembenuza)

Choyamba kufooka ndi batire. Mabatire a lithium amawerengedwa ndi maulendo ochajidwa, ambiri amayamba kutopa akachajidwa ka 300 mpaka ka 500, a Apple amati a MacBook amafika ka 1000. Ndiye pakatha zaka ziwiri zitatu mumaona laputopu yomwe inkakhala maola 6 yayamba kuzima mukangochotsa chaja, ndipo kwa ife amene magetsi amathima tili pakati pa asayimenti zimapweteka kwambiri. Koma uku si kukalamba kwenikweni, batire amasintha. Mukangoona kiyibodi yatukumuka kapena pansi pafufuma, batire yatupa, musazengereze, kaichotseni.

Tsopano nkhani yeniyeni. Chomwe chimaika laputopu pa penshoni ndi ma update, zokonza ndi zotetezera zomwe kampani imatumiza pa intaneti. Windows 10 inatuluka mu 2015, ndipo Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 inabwera mu 2021 ndi malamulo ake, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Taganizani, munthu anagula laputopu ya m'badwo wa 7 mu 2017, yatsopano, ndalama zambiri, mpaka lero ikuyaka bwinobwino, fani ikuzungulira, koma Windows 11 ikuikana pakhomo. Zaka 8 basi. Ndiye popanda ma update a chitetezo, kulowa nayo ku akaunti ya banki kuli ngati kugona chitseko chosakhoma.

Ku Apple nakonso chimodzimodzi, anabweretsa purosesa yawo ya M1 mu 2020 ndipo analengeza kuti macOS Tahoe, pulogalamu yoyendetsa ma Mac, ndi yomaliza kwa ma Mac okhala ndi purosesa ya Intel. Ma Chromebook atsopanowa, malaputopu oyendera pulogalamu ya Google, amalonjeza ma update kwa zaka 10, koma powerenga amayambira pomwe mtunduwo unatuluka, osati tsiku lomwe inu mwagula.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwa. Mumalowa m'shopu, wogulitsa akuti "bwana iyi ndi Core i7, yamphamvu", inu n'kuona kasitika, mtima pansi. Ine zinandichitikira, ndinanyamula i7 ndikuyenda modzitama, kufika kunyumba ndikupeza ndi ya m'badwo wa 6. Core i3 ya m'badwo wa 12 imaithamangira kutali i7 imeneyo. Dzina la i7 palokha silinena msinkhu.

(akuonetsa sikirini pafupi)

Taonani apa. Lowani mu Settings, System, kenako About. Mukaona i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko, 8, ndiye m'badwo wake. Mukaona i5-1135G7, werengani ziwiri zoyamba, 11. Ndiye zaka za laputopu muziwerenga kuchokera pamenepo, osati pa lisiti. Ikhoza kukhala yomata m'bokosi koma mkati ili ndi zaka zinayi kale, makamaka izi zobwera ngati kaunjika zopukutidwa bwino zija.

Kenako RAM, malo omwe laputopu imasungira kwakanthawi zonse zomwe mwatsegula. Windows 11 pa pepala imati 4GB ikukwana, koma tsegulani Chrome, matabu khumi, Zoom pambali, muona kachizungulire kaja kakuvina osatha. 8GB ndiye poyambira, ndipo ngati mukufuna ikufikitseni zaka 6 kapena 7 ine ndinganene 16GB, ngakhale ma Copilot+ PC, makompyuta a AI omwe Microsoft inayambitsa mu 2024 amafuna 16GB. Funsaninso ngati RAM yake imaonjezereka, chifukwa malaputopu opyapyala ambiri anaiwotcherera pa bodi, yomwe mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale.

Ngati yanu ikadali ndi hadi disiki yozungulira ija, yomwe imalira kuti krrr poyatsa, ikani SSD, chosungira mafayilo chothamanga chomwe sichizungulira. Palibe chosintha china chomwe chimadzutsa laputopu ngati chimenechi, yomwe inkatenga maminitsi awiri kuyaka imayaka musanamalize kuthira tiyi.

Fumbi lokha ndilitchule, la mu Okutobala lija. Limatseka fani, makina n'kutentha, purosesa imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, inu n'kumati yakalamba pomwe ikungobanika. Musaigwiritse pa bulangete, ndipo kamodzi pachaka ikapemereredwe mkati.

Zimadaliranso ntchito yanu. Wa magemu ndi wokonza mavidiyo amamva kuchedwa msanga, mwina zaka 3 kapena 4. Wolemba malipoti, Excel ndi imelo akhoza kudutsa zaka 7 osamva kanthu.

Nanga yomwe Windows 11 yaikana ija? Musaitaye. Iyi ndagwirayi ndi i7 ya m'badwo wa 6 yomwe ija, ndinaikamo SSD ndi Linux Mint, pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa Windows, ma update ikulandirabe, ndipo mwana wa mchemwali wanga akulembera pomwepa ntchito za kusukulu. Mu vidiyo yotsatira ndikuonetsani momwe ndinaikira, bwerani ndi fulashi ya 8GB.