Musanalembetse kosi, funsani kaye amene adzakulembeni ntchito

Amayi, abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, zikomo pobwera. Akumbuyo mukundimva? Chabwino.

Andipempha kuti ndilankhulepo za makosi, maphunziro apadera aja amene munthu amachita kuti akhale ndi luso la ntchito inayake, kaya wangomaliza kumene sekondale, kaya wagwira ntchito zaka zambiri ndipo akufuna kusintha. Ndiyambe ndi funso. Amene munachitapo kosi ina iliyonse, koma satifiketi yake ili phee m'sutikesi mpaka lero, takwezani dzanja. Musachite manyazi. Ee, mwawaona manjawo? Tsitsani.

Anthu amenewa si aulesi, komanso mitu yawo imagwira. Analipira fizi, analowa m'kalasi, mayeso anakhoza. Chinawasokoneza ndi poyambira. Anaona chikwangwani, kapena mnzawo anawauza kuti kosi yakuti yatchuka, iwo n'kulembetsa, n'kumati ntchito tidzaiona tikamaliza. Ine ndikuti tembenuzani. Yambirani ku ntchito imene mukuifuna, mubwerere chafutambuyo mpaka mufike pa kosi.

Kuchita kwake n'kosavuta. Sonkhanitsani zilengezo za ntchito imene mukuifunayo, za m'nyuzipepala kapena za pa intaneti, zingapo ndithu, osati chimodzi. Werengani pamene alemba kuti ofunsira akhale ndi chakuti. Mudzaona kuti dzina la pepala lina likubwerezedwabwerezedwa, ndipo pepala limenelo ndi lomwe olemba ntchito amalidziwa. Mukatero pitani kwa munthu amene akugwira kale ntchitoyo, mumufunse kuti anaphunzira kuti, anatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo pa zonse anaphunzirazo ndi ziti zimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mumufunsenso kuti akanati ayambe lero, akanalowera khomo lomwelo kodi? Ngati cholinga chanu n'kudzilemba nokha ntchito, funsani makasitomala kuti amavutika kupeza mmisiri wa chiyani. Paja safunsa anadya phula.

Tsono tikambe za pepala lenilenilo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zimapita m'madzi. Sukulu imene ikukuphunzitsani ndi bungwe limene limayesa mayeso n'kupereka satifiketi, kawirikawiri zimakhala zinthu ziwiri zosiyana. Mwachitsanzo, City & Guilds inayamba ku London m'chaka cha 1878 kuti ikweze maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mapepala ake amaperekedwa kudzera m'sukulu zimene iyo yazivomereza. ACCA, ya anthu owerengetsera ndalama, inayambanso ku London komweko mu 1904. Mutha kuphunzira ku koleji ina iliyonse kapena panokha kunyumba, koma mayeso ndi a bungwelo. Ndiye mukalowa mu ofesi ya sukulu, musangofunsa kuti fizi ndi zingati. Funsani kuti satifiketiyi adzasaine ndani. Akakutchulirani bungwe, pitani mukatsimikize ku bungwe komweko ngati sukuluyo ili m'kaundula wawo. Musakhutire ndi kalata yomatidwa pakhoma, masiku ano aliyense wodziwa kompyuta atha kuisindikiza.

Pali ntchito zina zimene lamulo salola kuti uzigwire usanalembetse ku bungwe loyang'anira ntchitoyo. Unamwino, udokotala, ntchito yopereka mankhwala, uphunzitsi m'mayiko ambiri, ngakhale kulumikiza magetsi m'nyumba. Sukulu ikakhala kuti bungwelo silikuidziwa, mutha kukhoza bwino kuposa anzanu onse koma chilolezo osachiona. Zaka zitatu, fizi yonse ija, n'kuthera pakhomo.

Musaganize kuti achinyengo ndi anthu ang'onoang'ono okha. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inalemba za kampani ina ya ku Karachi, ku Pakistan, yotchedwa Axact, imene inkagulitsa madigiri abodza padziko lonse kudzera m'masamba mazanamazana a pa intaneti a mayunivesite omwe kulibe n'komwe. Zithunzi zokongola, mayina omveka bwino, koma kalasi kulibe, mphunzitsi kulibe. Zizindikiro zake sizisintha. Akukulonjezani digiri m'miyezi yochepa, akuti mayeso palibe, akuti ntchito ndi yotsimikizika mukangomaliza, akukukakamizani kulipira lero lomwe chifukwa malo atsala awiri. Sukulu yeniyeni siopa mafunso, ndipo imakulolani kucheza ndi amene anamaliza chaka chatha.

Tifike pa nkhani ya manja, imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Tiyerekeze kuti mwasankha kuwotcherera zitsulo. Mukudziwa mmene amayesera wowotcherera weniweni? Amamupatsa zitsulo ziwiri kuti alumikize. Akamaliza, woyesa amadulako kachidutswa podutsa pa msoko pomwepo, n'kukaika pa makina n'kukapinda mpaka kakhote ngati chigongono. Ngati mkati munatsala timabowo ta mpweya, kapena moto sunalowe mpaka pansi, msokowo umang'ambika aliyense akuona. Kunja kutha kuoneka kosalala bwinobwino, koma makina aja sanamizika. Luso lotere sulipeza pomvera mphunzitsi akufotokoza pa bolodi. Limabwera ndi ndodo zowotcherera zambirimbiri zimene watentha ndi dzanja lako. Choncho musanalipire, pemphani akuonetseni wekishopu. Werengani makina, muwerengenso ophunzira. Ngati makina ali awiri ophunzira 40, mudzathera chaka chonse mukuonerera msana wa mnzanu. Muyang'anenso ngati makinawo akugwira ntchito, chifukwa ena amangoikidwa kuti alendo aone.

Komatu ndisakusokeretseni kuti za m'kalasi n'zachabe. Tengani wolumikiza magetsi a sola. Batire yolembedwa 12V ndi 100Ah imasunga mphamvu yokwana 1,200Wh, ndi kungochulukitsa manambala awiriwo. Koma ngati ndi batire ya asidi, suyenera kuimwa yonse, umangotengako pafupifupi theka, apo ayi imafa msanga. Ndiye kasitomala ali ndi 600Wh, osati 1,200. Amene anangophunzira kumanga mawaya poonerera sadziwa zimenezi. Amalumikiza zonse, magetsi amayaka, amalandira ndalama zake, koma pakatha miyezi ingapo batire yatha ndipo mbiri yake yathera pomwepo. Kosi yabwino imakupatsa zonse ziwiri, dzanja ndi masamu ake.

Dziko limene anthu amalitchula kawirikawiri pa nkhaniyi ndi Germany. Kumeneko wachinyamata amasaina mgwirizano ndi kampani, amakhala ku ntchito masiku atatu kapena anayi pa sabata, masiku otsalawo ali kusukulu ya ntchito. Zimatenga zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo mayeso omaliza amayendetsa ndi mabungwe a eni makampani ndi amisiri, anthu omwewo amene adzamulembe ntchito. Ntchito zophunziridwa mwanjira imeneyi zilipo zoposa 300. Sindikunena kuti tonse tipite ku Germany, ayi. Ndikuti mukamasankha kosi, funani imene ikuyandikirako pamenepo, yokhala ndi nthawi yokagwira ntchito pamalo enieni, imene ambiri amangoti atachimenti. Ndipo mufunse kuti malo a atachimentiwo amakupezera ndi asukulu kapena umadzisakira wekha. Ngakhale a ACCA aja, ntchito ya mu ofesi yeniyeni, sakupatsa umembala chifukwa cha mayeso okha. Amafuna miyezi 36 ya ntchito yogwirika.

Mayi uko akweza dzanja. Nenani mayi. Ee, akufunsa za makosi a pa intaneti, kuti kodi ndi enieni?

Zikomo mayi, funso labwino. Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si zachilendo. M'zaka za m'ma 1840 Isaac Pitman ankaphunzitsa kalembedwe kachidule kudzera pa positi ku England. University of London inayamba kulola anthu kulemba mayeso a digiri osakhala pasukulupo mu 1858. UNISA, yunivesite ya ku South Africa, inayamba kuphunzitsa mwanjira imeneyi mu 1946, ndipo Nelson Mandela anapeza digiri yake ya zamalamulo kumeneko mu 1989 ali m'ndende, atakwanitsa kale zaka 70. Chimene intaneti yasintha ndi liwiro ndi kuchuluka kwake. Coursera ndi edX, masamba a pa intaneti ophunzitsirapo makosi, zinayamba mu 2012, edX inakhazikitsidwa ndi mayunivesite a ku America a MIT pamodzi ndi Harvard. Ndiye inde mayi, alipo enieni.

Koma mumve mbali inayo. Ofufuza a ku MIT anawerengera amene analembetsa makosi a MIT ndi Harvard pa edX, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 2019. M'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, omaliza anali pafupifupi atatu okha pa 100 aliwonse. N'zoona kuti ambiri amalembetsa mongoyendera, poti kulembetsa n'kwaulere. Komabe nambalayo ikutiuza kanthu. Pa intaneti palibe mphunzitsi wokufunsa kuti dzulo unali kuti. Foni yomweyo imene ukuphunzirirapo ndi imene mukulowa mauthenga a WhatsApp. Ngati mwasankha njira imeneyi, pezani mnzanu mmodzi kapena awiri muziphunzira limodzi, muike tsiku ndi ola, ndipo mutenge kosi imodzi basi. Mapanga awiri avumbwitsa. Mudziwenso kuti intaneti imathandiza kwambiri pa ntchito zimene chida chake ndi kompyuta yomweyo, monga kulemba mapulogalamu, kusunga mabuku a ndalama, kujambula zotsatsa malonda. Kubaya jekeseni kapena kumasula injini, kanema atha kukuonetsa, koma sangakugwire dzanja.

Kwa inu achinyamata okonda za makompyuta, pali chinthu china chimene ogulitsa makosi sanena msanga. Masatifiketi ena amatha mphamvu. CCNA ya kampani ya Cisco, ya olumikiza makompyuta, imakhala zaka zitatu, kenako uyenera kuikonzanso. CompTIA A+, ya okonza makompyuta, nayonso ndi zaka zitatu. Musadabwe nazo, zida zake zimasintha msanga. Kungoti muziike pa bajeti. Ndipo pa ntchito zimenezi olemba ntchito ambiri amafuna kuona chimene wapanga. Pa intavyu, amene watsegula laputopu n'kuonetsa pulogalamu imene analemba yekha amaposa amene wangoyala mapepala patebulo.

Za ndalama ndingodutsapo mwachangu, poti aliyense amadziwa thumba lake. Fizi imene yalembedwa pa chikwangwani si mtengo wonse. Pali ndalama yolembetsera, ya mayeso imene nthawi zambiri imapita ku bungwe lina, ya mabuku, zida, zovala zodzitetezera, mayendedwe, ndi ya kubwereza mayeso ukalakwa. Palinso ndalama imene mukanapeza mukanakhala mukugwira ntchito miyezi imeneyo. Lembani zonse papepala limodzi musanalipire kalikonse. Anthu ambiri amene amasiyira panjira sasiya chifukwa maphunziro avuta, amasiya chifukwa ndalama ya mayeso yawadzidzimutsa kumapeto. Mufunsenso ngati satifiketi ya chaka chimodziyo ingakulowetseni ku dipuloma, ndipo dipulomayo ku digiri, osayambiranso pachiyambi. Makosi ena ali ngati makwerero, ukaponda apa umafika apo. Ena amathera pomwepo.

Kwa makolo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mwana akanena kuti akufuna ukalipentala, zamipope kapena zophikaphika, musamuone ngati walephera. Komanso musamukankhire ku kosi chifukwa mwana wa mnzanu akuchita yomweyo. Mulekeni akakhale sabata imodzi kapena ziwiri pamalo pamene ntchitoyo imagwiridwa, ngakhale kumangosesa ndi kupatsira zida. Amene akufuna unamwino aone kaye ngati amapirira fungo la m'chipatala ndi kugwira ntchito usiku. Ndi bwino azindikire pa sabata yoyamba kusiyana ndi chaka chachiwiri fizi italipidwa.

Bambo apo, ndakuonani, funso lomaliza. Akuti iwo akhala akukonza magalimoto zaka zoposa 20, pepala alibe, ndiye abwerere m'kalasi limodzi ndi ana?

Ayi bambo, mwina sipafunika kutero. M'mayiko ambiri muli njira yoyesa luso limene munthu ali nalo kale, pa Chingerezi amaitchula mwachidule kuti RPL. Mumapita ku bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, mumapereka umboni wa ntchito zimene mwagwira, monga makalata a amene munawagwirira ntchito ndi zithunzi, kenako woyesa amakuikani pa galimoto kuti akuoneni mukugwira. Zimene mwakhoza amakulemberani, zimene zikuperewera ndi zokhazo zimene mumakaphunzira. Kwa amakaniko akale, kawirikawiri chimaperewera ndi mbali ya magetsi ndi kompyuta ya galimoto, kuwerenga makina aja amene amalumikiza pansi pa chiwongolero kuti anene pamene pavuta. Imeneyo ndi kosi yaifupi, ndipo malo ena amaphunzitsa madzulo kapena Loweruka. Kuyambira mawa muyambe kujambula ntchito iliyonse imene mwagwira, galimoto isanakonzedwe ndi itakonzedwa, ndipo mulembe tsiku lake m'kabuku. Tikamwazikana pano mundipeze, ndikuonetseni mmene mungasanjire umboniwo.